Kunyanyala kwa Akondakitala

Mayiwa sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Mukanawafunsa kuti buleki ndi uti, akanakulozerani chopondera mafuta, osaphethira n'komwe. Komatu m'tauni monse ankadziwika kuti Akondakitala, chifukwa paliponse pamene kapikapu koyera konyamula mazira kaima, iwo ankakhala ali momwemo, pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo, maso tong'o pamsewu. Woyendetsa anali amuna awo, Adalaivala, mkulu wa imvi mbuu, wa chipewa chosachoka kumutu. Anthu akawaona ankagwedeza mitu. "Koma chikondi chilipo, abale! Nkhalamba ziwiri zosasiyana ngati nsapato." Akondakitala ankangomwetulira. Chikondi chinalipodi, koma panali china chimene anthuwo sankachidziwa.

Anakwatiwa ali mtsikana, ndi mnyamata woyendetsa mabasi a maulendo ataliatali. Anzawo ankawasirira, ati wapata wa yunifolomu. Ha, yunifolomuyo ndiye anaidziwadi bwino, poti ankaichapa ndi kuisita. Mwini wake ankangomuona ngati mlendo. Bamboyo ankafika ali wefuwefu, kudya, kugona chagada kukamwa kuli yasa, m'mawa n'kunyamuka. Ana ankawadziwa bambo awo ndi fungo la dizilo. Mayi analera anawo ndi makina osokera, pakhonde la sitolo ina: mayunifolomu a sukulu, zigamba za m'mawondo, mazipi oduka, masiketi a anthu onenepa amene amaumirira kuti nsalu ndiyo yafupika. Ntchito imeneyo inawapinda msana, koma maso inawasiyira. Mpaka ukalamba ulusi ankaulowetsa m'singano kamodzin'kamodzi, uku akukalipira kasitomala.

Adalaivala atapuma pa ntchito ya mabasi, anagula kapikapu kaja n'kupeza ntchito yotenga mazira ku famu ya nkhuku kunja kwa tauni, kuwagawa m'magolosale. Tsopano ankagona pakhomo tsiku ndi tsiku, ndipo apa mpamene awiriwa anazindikira kuti sadziwana. Macheza awo onse anali awa: "Madzi atentha." "Zikomo." "Mwatseka chitseko?" Mayi anayesapo chida chawo chakale, kunyanyala, chimene ana ankachiopa kuposa mkwapulo. Anakhala duu sabata yathunthu, masaya ali tuu. Bamboyo sanazindikire n'komwe, anangoti pakhomo pano pali mtendere. Mayi ankadzifunsa kuti kodi munthu amene ndamudikira moyo wanga wonse ndi ameneyu? Zinkawawawa, koma akanadandaulira ndani, poti mwamunayo samwa, samenya, sayendayenda.

Kenako kunabwera matenda a shuga, n'kuyamba kuwadya maso Adalaivala. Eni ake sananene. Mwamuna anganene? Anangofika tsiku lina galasi la m'mbali lili lende, ati chipilala cha pageti la ku famu chinasuntha. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, n'kuidzudzula kapuyo kuti ndi yopapatiza. Koma tsiku limene anapereka moni waulemu kwa mgolo wa zinyalala, chipewa m'manja, n'kuufunsa za kunyumba, mayi anati basi, tiyeni kuchipatala.

Dokotala sanapsatire mawu. Anati si ng'ala yoti n'kupala ayi, ndi mkati mwa diso mwawonongeka. Zinthu zikuluzikulu azizionabe mwa chimbuuzi, koma zing'onozing'ono ziziwasowa. "Galimoto muisiye, bambo." Adalaivala anavomera ndi mutu mwaulemu wonse, anathokoza, anatuluka, n'kukalowa m'galimoto. Nanga ikanatsala kuchipatala? Ali panjira, mayi anaona njinga ikutulukira m'kanjira, ndipo pakamwa panangotseguka pokha.

"Njinga, kumanzere."

Phazi la Adalaivala linapita pa buleki. Njinga inadutsa. Anafika kunyumba bwinobwino. M'mawa mwake bambo anaima pakhomo la kuchipinda akukanda m'khosi. "Mazira aja akumagwedezeka masiku ano. Pakufunika munthu woti aziwayang'anira." Mazirawo amakhala kumbuyo, mpando uli kutsogolo, koma mayi sanafunse. Anaphimba makina awo ndi nsalu, n'kukavala nsapato.

Ndi mmene inayambira ntchitoyo. Mutu umodzi susenza denga: bambo anali ndi manja, mapazi, ndi misewu yonse pamtima, mayi anali ndi maso. M'mawa uliwonse mayi ankapukuta galasi lakutsogolo, makamaka mbali yawo, n'kuika pampando kapilo kamene anadzisokera kuti aziona bwino kupitirira boneti. Mawu awo anali afupiafupi, osakweza. "Dzenje, kumanja." "Hampu." "Lofiira." "Lobiriwira, tiyeni." "Wanjinga uyo walawa, mpatseni msewu wonse." "Mbuzi... ayi, yasintha maganizo." Wonyamula mazira sathamanga, choncho palibe amene ankadabwa ndi kayendedwe kawo ka nkhono. Wapolisi wina wapamsewu anachita kuwaimitsa kuti awaloze kwa mnyamata wa minibasi amene anamugwira akuuluka. "Ukuwaona madala awa? Kuyendetsa ndi kumeneku." Adalaivala anathokoza, akuyang'ana mtengo umene unali pambali pa wapolisiyo.

Koma chimene mayi sanachiyembekezere ndi ichi: m'galimoto muja Adalaivala anatseguka pakamwa. Pakati pa dzenje ndi hampu ankasimba za pa basi. Za munthu amene anakweza nkhumba ataiveka jekete. Za mlaliki amene analalikira ulendo wonse mpaka kupitirira pokatsikira pake, n'kudzabwera kutsogolo kudzatukwana. Ankayeserera mawu a aliyense, mpaka a nkhumbayo. Mayi ankaseka mpaka misozi, kwinaku akufuula "hampu!" Masana ankaima pamthunzi, kugawana mabanzi ndi tiyi wa m'fulasiki, bambo n'kumafunsa za zaka zija iwo kunalibe: mwana uyu anayamba bwanji kuyenda, uja dzino linaguluka bwanji, denga litasasuka ndi mphepo munagona kuti. Mayi ankayankha zonse, zina akuseka, zina mwachisoni. Amuna awo anawapeza atakalamba, anawapezera pampando umenewo, ndipo mpandowo ankaukonda kuposa chilichonse chimene anakhalapo nacho. Akafika kunyumba, bambo ankabwerera ku "zikomo" wawo uja, ngati pakamwa napo pazimitsidwa ndi kiyi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankanunkhiza kanthu: mwana wawo wamkazi, nesi, wouma mutu ngati amene anamubereka. Tsiku lina atabwera kudzacheza, anaima kumapeto kwa tebulo n'kukweza dzanja.

"Ababa, zala zingati izi?"

"Iwe, ndine wa sukulu ya mkaka ine?"

"Tangonenani."

Pansi pa tebulo phazi la mayi linaponda la bambo katatu.

"Zitatu," anatero Adalaivala akuyasamula. "Ndipo zikhadabozo uwenge."

Nesi anayang'ana bambo ake, anayang'ananso mayi ake amene anali kalikiliki kupukuta mbale youma kale. Anawatsatira kukhitchini n'kutseka chitseko. "Amayi, ine si mwana. Tebulo lija lilibe nsalu, ndakuonani. Tsiku lina mudzapha munthu, inu ndi amuna anuwo."

"Iwe, usatilaule! Chiyambireni tagundapo ndani?"

"Mukudikira mugunde kaye?"

"Bambo ako ukawalanda galimoto, uwaguliretu bokosi. Adzafa ndi maganizo."

Zimenezo zinali zoona, koma zinali theka. Theka linalo mayi analimeza: galimoto ikaima, macheza atha, iwo abwerera kukakhala ndi mlendo uja m'nyumba ya zii. Zoterezi mwana sumuuza. Nesi anachoka akung'ung'udza, ndipo mayi anamulongedzera mazira kuti atseke pakamwa.

Mphuno salota. Tsiku la nkhaniyi linayamba bwinobwino, ndipo dzuwa litapendeka anafika pa golosale yaikulu ya pafupi ndi msika. Mayi anatsika n'kuyamba kumasula zingwe za mathireyi a mazira. Pakhonde panali amuna angapo ongotaya nthawi, ndipo mwini golosale, munthu wa nthabwala zosapsa, anayamba zake.

"Madala, simupuma kodi? Anzanu a msinkhu wanu akuwothera dzuwa kunyumba. Maso amenewo akuonabe?"

Funso limenelo linawagunda Adalaivala pachilonda, ndipo munthu ukamugunda pachilonda amalumpha kupyola muyeso. Anakankhira chipewa kumbuyo. "Ine? Ndayendetsa basi iwe usanabadwe, sindinagundepo ngakhale nkhuku. Maso awa amaona nyerere ikuwoloka msewu, n'kudziwa kuti ndi yaikazi kapena yaimuna."

"Nanga amayiwa mumawatengeranji tsiku lililonse?"

"Awa?" Adalaivala analoza ndi chala chachikulu, kulozanso kolakwika, kumene kunali mulu wa makatoni. "Kunyumba amasungulumwa, ndiye ndimangowanyamula apitidweko mphepo. Ndi katundu basi, kungondithera mafuta."

Pakhonde ponse anafa nalo phwete. Mayi anali kuseri kwa galimoto, thireyi m'manja, ndipo anamva zonse. Katundu! Iwo amene anasiya makina awo akuchita dzimbiri, amene ananamiza mwana wobala okha, amene khosi linkawawawa madzulo aliwonse chifukwa chosuzumira msewu! Anaika thireyi pansi mosamala kwambiri, chifukwa akanapanda kutero akanaiphwanyira pachipewa paja. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, anatero mumtima. Tiona lero.

Atalowa m'galimoto, Adalaivala analiza injini akuimba kamluzu. "Kumbuyoko kuli bwanji?"

"Katundu salankhula," anatero mayi. Anapinda manja, n'kukhala duu.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa injini n'kunena kuti pepani mkazi wanga, pakamwa panandithawa. Koma inu amuna mumawadziwa. Adalaivala anakhosomola, anakonza chipewa, n'kubweza galimoto m'mbuyo mwa chikhulupiriro chokha. Mwamwayi kunalibe kanthu. Analowa mumsewu.

Dzenje loyamba analilowa lonse, khuu! Kumbuyo kunamveka kaphokoso kamene wonyamula mazira aliyense amakadziwa. Mayi anayang'ana kunja kwa zenera. Hampu inawadzidzimutsa, mitu yonse iwiri n'kukagunda denga. Mayi anangokonza mpango wawo.

"Kaya kutsogoloku nyengo ili bwanji," anatero Adalaivala, ngati akuuza chiwongolero.

Zii.

"Anthu ena Mulungu anawapatsa pakamwa, koma ntchito yake osaidziwa."

Zii.

Kenako nzeru zakale zinawabwerera. Patsogolo pawo panali basi yaikulu, ndipo basi ankaionabe, poti ndi chinthu chonga nyumba. Anaimamatira kumbuyo. Ikayenda, iwo ayenda. Ikaima, iwo aima. Vuto lake, basi imaima pa siteji iliyonse. Kapikapu ka mazira kanaima nawo pa siteji yoyamba, kanaimanso pa yotsatira, mpaka mayi wina wa mtolo wa masamba anafika pazenera kudzafunsa ngati muli malo. Akondakitala analuma mlomo kuti asaseke. Kunena zoona, ankamva kukoma. Kunyanyala kwawo kunali kutapeza pogwira tsopano. Bamboyo thukuta linali kamukamu, ndipo "pepani" anali atafika pakhosi, ankachita kuoneka akukwera ndi kutsika.

Pamphambano basi inakhotera kwina. Njira yawo inali yowongoka, yodutsa pa kachipatala ka amayi ndi ana, dzuwa likulasa m'maso. Adalaivala anatsegula pakamwa, anatseka. Anatsegulanso. Mayi anatembenuka thupi lonse kuwayang'ana, kuti mawuwo akamatuluka awaone ndi maso, mwini wake asadzawakane mawa. Anayang'ana milomo ija ikunjenjemera, anayang'ana ndevu za imvi, anadikira.

Chimene chinawabweza maso kumsewu sachidziwa mpaka lero.

"Imani!"

Anali asanafuulepo chotero. Phazi la Adalaivala linali lisanakalambe: matayala analira, mathireyi anagundana kumbuyo, galimoto inaima njii. Kutsogolo kwa boneti, pafupi moti chovala chake chinkakhudza chitsulo, panaima mtsikana wamfupi wa diresi loyera, atakumbatira khanda pachifuwa, kathumba ka matewera kali lende pamkono. Sanakuwe. Sanatukwane. Maso ake anakumana ndi a Akondakitala kudzera m'galasi lopukuta bwino lija. Kenako anaphimba mutu wa mwana ndi dzanja, n'kumaliza kuwoloka.

Adalaivala anamenya chiwongolero ndi chikhato, nkhope yonse ili mwee. "Ehee! Mwalankhula! Ndinadziwa ine kuti simungapirire. Chinali chiyani, mbuzi?"

Mayi anawayang'ana amuna awo akusekerera.

"Munthu."

"Munthu?"

"Mtsikana. Ndi mwana m'manja."

Kumwetulira kuja kunatsala pankhope kanthawi, kutasowa kolowera. "Ine ndinangoona kuwala," anatero Adalaivala chapansipansi. "Mwanayo... wamkulu?"

"Wakhanda. Wa kachipewa koluka, kachikasu."

Kumbuyo magalimoto anayamba kuliza mahutala. Adalaivala anavula chipewa n'kuchiika pamwendo. "Pepani, mayi. Zija ndinanena pagolosale zija..."

"Msiyeni pepani wanuyo. Ndi amene ndimamudikira. Ndimayang'ana pakamwa panu, msewu n'kuusiya wokha." Mayi analoza msewu. "Lero ndanyanyala. Mawa ndidzayetsemula. Mkuja ndidzawodzera, poti nanenso ndakula, bambo. Mwana wa eni ake adzafere chimfine changa?"

Adalaivala anasisita chiwongolero. "Chabwino, ndamva. Tingofika kunyumba, mundilondolere komaliza. Pang'onopang'ono. Ndikusimbirani ya wapolisi amene anagona m'basi mwanga, wakuba wake n'kumudzutsa. Imeneyo simunaimvepo."

Ha, mayesero! Mtima wonse wa mayi unkati vomera. Kunyumba sikunali kutali, nkhaniyo anali asanaimvedi, ndipo ankadziwa bwino kuti mawa kudzapezeka "komaliza" wina, iwonso n'kuvomera. Anayang'ana tsidya la msewu. Mtsikana uja anali atakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, akugwedeza mwana wake, mutu uli pansi.

Anatambasula dzanja, anapotokola kiyi mmene ankaonera amuna awo akuchitira, n'kumuzula. Injini inazima. Kanali koyamba kugwira chinthu cha kumbali imeneyo ya galimoto.

Amuna ena odutsa anathandiza kukankhira kapikapu pambali, akufunsa ngati mafuta atha. Mayi anawoloka, anakanjuta pafupi ndi mtsikana uja n'kupepesa. Iye anangogwedeza mutu, ndipo mayi sanamuimbe mlandu. Atabwerera anatulutsa foni m'chikwama n'kuimbira nesi. "Bwera ndi munthu wodziwa kuyendetsa, mudzatenge galimoto. Bambo ako ali bwino. Usafunse zambiri, ndipo ukafika kuno usayerekeze kunena kuti ndinanena."

Anadikirira m'galimoto momwemo, aliyense pampando wake. Kumbuyo mazira osweka ankadontha pansi, ntchentche zitayamba kale kuitanizana. Adalaivala ankangotembenuza chipewa m'manja.

"Ndiye ine ndi inu tizichezera kuti?" anafunsa.

Mayi anadzidzimuka. Nthawi yonseyi ankayesa kuti nkhawa imeneyo ndi ya iwo okha, bamboyo chake ndi galimoto.

"Kunyumba kulibe mipando?"

"Ilipo. Koma ija imayang'anizana." Adalaivala anakhosomola. "Ine munthu akandikhalira patsogolo, mawu amandithawa. Ndinazolowera kuyankhula ndikuyang'ana kutsogolo, mnzanga ali pambali. Zaka zonsezi simunadziwe?"

Sanadziwe. Ukwati wa imvi, ana, zidzukulu, osadziwa kanthu kakang'ono ngati kameneko! Anafuna kuseka, anafuna kuwakalipira kuti bwanji osanena kalekale, koma chimene chinatuluka ndi misozi, ndipo anaisiya kuti itsike, poti bamboyo sakanaiona.

"Mipandoyo tikaitembenuza," anatero mayi.